Mavoti omwe anachotsa asilikali a Spain ku Iraq

Ambiri a inu mu 2003 munali musanabadwe, ndiye nkhaniyi mwina simunaimvepo. Chaka chimenecho America ndi Britain analowa m'dziko la Iraq ponena kuti Saddam Hussein akubisa zida zoopsa zopulula anthu. Zidazo sizinapezeke mpaka lero.

Nduna yaikulu ya Spain, José María Aznar, anaikira kumbuyo George Bush ngakhale anthu ake ambiri ankakana. Pa 15 February 2003 misewu ya Madrid ndi Barcelona inadzaza ndi ochita zionetsero. Mkuluyu sanamve ayi, anatumizabe asilikali pafupifupi 1,300.

Zinthu zinatembenuka pa 11 March 2004, mabomba ataphulika m'sitima ku Madrid n'kupha anthu oposa 190. Apa n'kuti chisankho chitatsala masiku atatu basi. Boma linathamangira kuloza chala gulu la ETA, chonsecho umboni unkaloza zigawenga zotsatira maganizo a al-Qaeda. Anthu anaona kuti akupusitsidwa. Chipani cha Aznar chinagwa, José Luis Rodríguez Zapatero n'kupambana.

Atangolumbira mu April, Zapatero analamula kuti asilikali abwerere kwawo, ndipo pomatha May onse anali atachoka.

Omutsutsa anati uku n'kugonjera zigawenga: ukathawa lero, mawa zidzaphulitsanso bomba kuti zikulamule. Mfundoyi ndi yomveka ndithu, kungoti ikuiwala kuti lonjezo lochotsa asilikaliwo Zapatero analipereka pa kampeni, mabomba aja asanaphulike. Posakhalitsa Honduras ndi Dominican Republic nawonso anachotsa awo.