Madzi saiwala khwawa: kumanga, kulima ndi kusangalala m'mphepete mwa nyanja

M'miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi chaka cha 2024, anthu okhala m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi adaona madzi akulowa m'makomo, m'madimba ndi m'malo ogona alendo. Mchenga umene asodzi ankasokerapo maukonde udamira, mathandala oyanikapo usipa adasunthidwa, zimbudzi zina zidagumuka, ndipo mabanja ena adasamukira kumtunda. Chodabwitsa kwa ambiri chidali chakuti nyanja idadzaza chotere m'chaka chimene chimanga chidauma ndi ng'amba m'madera ambiri a kummwera. Banja lodziwa chimene chimakweza ndi kutsitsa nyanja limadziwanso pomanga nyumba, pokumba chimbudzi, potsegula dimba ndi posambitsa ana.

Chimene chimakweza nyanja

Madzi ambiri a m'nyanja ya Malawi sachokera ku mvula ya ku Mangochi. Amabwera ndi mitsinje monga Linthipe, Bua, Dwangwa, South Rukuru, North Rukuru, Songwe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, kuwonjezera pa mvula yogwera panyanja penipeni. Kumpoto mvula imachedwa kukata, choncho nyanja imafika pachimake cha kudzaza mu Epulo kapena Meyi, pamene kuno anthu ayamba kale kukolola. Kuchokera apo imaphwera pang'onopang'ono mpaka Novembala kapena Disembala.

Potulukira madzi ndi pamodzi pokha: mtsinje wa Shire, umene umayambira pafupi ndi tauni ya Mangochi ndi kudutsa m'nyanja ya Malombe. Komabe madzi otuluka mu Shire ndi ochepa powayerekeza ndi amene amauluka ngati nthunzi chifukwa cha dzuwa ndi mphepo. N'chifukwa chake mvula ikachuluka zaka zingapo zotsatizana, madzi a chaka chino amapeza a chaka chatha asanathe, ndipo nyanja imakwererakwerera.

Mbiri ikuonetsa kuti nyanjayi siikhala pamalo amodzi. Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira pakati pa zaka za m'ma 1930, idatsika mpaka Shire adaleka kutulutsa madzi. M'chaka cha 1980 idakwera kupitirira pang'ono mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. M'chaka cha 1997 idatsika kufika pafupifupi mamita 473, ndipo mu 2024 idadutsanso mamita 476. Malo amene adaoneka ouma m'zaka za kuphwera, anthu n'kumangapo, ndi omwewo amene madzi adabwererapo.

Ambiri amafunsa chifukwa chimene zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene idamangidwa mu 1965, sizitsekulidwa zonse kuti madzi achoke msanga. Madzi odutsa pamenepo ndiwo amapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo akatulutsidwa ochuluka nthawi imodzi amakasefukira m'midzi ndi m'minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndiponso nyanja ndi yaikulu kwambiri moti ngakhale zitseko zitatsekulidwa, siingaphwe m'masiku owerengeka.

Pomanga nyumba

Bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno la National Water Resources Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, limaletsa kumanga m'munsi mwa mulingo wa mamita 477 m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Mulingowu sudasankhidwe mwachisawawa: ndi pamene nyanja idafikapo kale. Munthu wamba alibe chida choyezera, koma mudzi uliwonse uli ndi akuluakulu okumbukira pamene madzi adalekeza mu 1980, ndipo madzi a 2024 adasiya zipsera pa zipupa ndi pa mitengo. Asanagule malo kapena kukumba maziko, munthu afunse kwa nyakwawa, kwa anthu akale a pamalopo ndi ku ofesi yoona za malo ya khonsolo. Malo otsika mtengo amene ali m'njira ya madzi amadzakhala odula pa tsiku losamuka.

Nyumba zambiri za kunyanja sizigwa ndi madzi osefukira okha ayi, koma ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi. Njerwa zosaotcha zikamwa madzi zimafewa, chipupa n'kukhala pansi. Choncho maziko akhale a miyala, njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, ndipo akwere ndithu pamwamba pa nthaka. Pepala lakuda la pulasitiki loyalidwa pakati pa maziko ndi chipupa limatsekereza chinyezi. Khonde lozungulira nyumba ndi denga lotulukira kunja zimateteza zipupa ku mvula yowomba, pamene ngalande yaing'ono imachotsa madzi a padenga kuti asadikhe m'tsinde mwa nyumba. Mitanda ya denga imangidwe ndi waya wolowa m'chipupa kuti mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro a dzinja isasasule malata. Banja losakwanitsa zonsezi nthawi imodzi liyambe ndi khonde ndi ngalande, pakuti zimenezi zimafuna khasu ndi manja kuposa ndalama.

Chimbudzi chimafuna nzeru zapadera pa dothi la mchenga. Dzenje losamangira limagumuka mvula ikangogwa, choncho limangiridwe ndi njerwa kapena nsungwi zolukidwa. Likhale kumtunda kosafika nyanja, komanso mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Kumene madzi a pansi ali pafupi, dzenje likhale losazama ndipo chimbudzicho chikwezedwe pa chiunda. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udasautsa kwambiri boma lino, udaonetsa mtengo wa chimbudzi chomira: zonyansa zimalowa m'madzi omwewo amene anthu amamwa ndi kutsukira mbale.

Dimba la pakhomo

Nyanja ikamaphwera imasiya dothi lachinyontho limene limakopa alimi. Koma kulima mpaka m'madzi kumafuna kudula bango ndi udzu wa m'mphepete, pamene zomerazi ndizo zimaswa mphamvu ya mafunde, kugwira dothi ndi kubisa tiana ta chambo. Gombe lopanda bango limadyeka chaka ndi chaka mpaka madzi amafika pakhomo. Dimba la m'mphepete ndilonso limayamba kuchezeredwa ndi mvuu usiku.

Dimba laling'ono la kuseri kwa nyumba limapewa mavuto onsewa. Vuto la mchenga ndi lakuti susunga madzi kapena chakudya cha mbewu. Ngakhale feteleza amatsika msanga mizu isanamupeze. Mankhwala ake ndi manyowa: ndowe za mbuzi ndi ng'ombe, zitosi za nkhuku, masamba, phulusa ndi zotsalira za m'khitchini, zoikidwa m'dzenje mpaka zitawolerana. Mabedi akhale olowa pansi pang'ono m'chilimwe kuti asunge madzi, ndipo aphimbidwe ndi udzu wouma chifukwa dzuwa la Okutobala ku Mangochi limaumitsa nthaka m'maola ochepa. Kuthirira kukhale kwa m'mawa kapena madzulo. Mpiru, bonongwe, therere, nkhwani, tomato ndi anyezi zimachita bwino m'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti, bola pakhale mpanda wotchinga mbuzi. Mitengo ya mango, mapapaya ndi cham'mwamba imapereka mthunzi ndi chakudya, ndipo mizere ya udzu wa vetiva imagwira dothi pamalo otsetsereka. Banja lokhala ndi ndiwo zamasamba pakhomo silivutika kwambiri m'miyezi imene usodzi watsekedwa kuti nsomba ziswane.

Tsiku lopita kunyanja

Pa Khirisimasi, Pasaka, Idi ndi Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala, magombe a ku Nkopola, Monkey Bay ndi Cape Maclear amadzaza ndi alendo ochokera ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Zokongola zimene iwo amayendera mtunda wautali zili pakhomo pa anthu a m'boma lino: paki ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndi kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna, komanso nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi.

Chisangalalo chotere chimasanduka maliro pamene anthu aiwala kuti nyanja yokwera imasintha gombe. Pamene padali poyandama chaka chatha pangakhale pozama lero, ndipo ng'ona zimayandikira malo amene sizinkafika. Ana asasambe popanda wamkulu wowayang'anira, woledzera asalowe m'madzi, ndipo boti lisanyamule anthu opitirira muyeso kapena kunyamuka popanda majekete oyandamitsa, makamaka m'nyengo ya mwera. Madzi odikha, osaya ndiwo amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timalowera pakhungu, ndipo timabwerera m'madzi munthu wodwala akakodzeramo. Aliyense woona magazi mumkodzo apite kuchipatala, kumene mankhwala a praziquantel amachiza matendawa.

Zoyenera kuchita pamodzi

Nyumba imodzi siingateteze gombe payokha. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, pamodzi ndi mafumu ndi makhansala, angathe kuika zizindikiro zokhalitsa pamene madzi adafika mu 2024, kugwirizana za malo osadulidwa bango, ndi kusankhiratu malo a kumtunda othawirako. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi a m'dera lililonse amathandiza pa kamangidwe ka zimbudzi ndi kapangidwe ka manyowa. Nthawi yabwino ya ntchito zimenezi ndi chilimwe, nyanja ili m'munsi, mvula yoyamba isanagwe.