Mtengo weniweni wa bwalo la Chileka ndi mabwalo ang'onoang'ono a ndege

Akatswiri oyeza mtengo wa katundu amasiyanitsa mitengo iwiri ya chinthu chimodzi, ndipo kusiyanaku n'kofunika kwambiri pokamba za mabwalo a ndege. Woyamba ndi mtengo wa pamsika, womwe ndi ndalama zimene wogula angapereke lero potengera phindu limene chinthucho chikubweretsa. Wachiwiri ndi mtengo wobwezeretsa, kutanthauza ndalama zonse zimene zingafunike kuti chinthu chofanana nacho chimangidwenso kuyambira pa maziko ngati chimene chilipocho chitawonongeka kapena kutayika. Bwalo laling'ono, pomwe pamatera ndege zochepa pa tsiku kapena pa sabata, limaoneka lopanda pake likayezedwa ndi muyezo woyamba, popeza ndalama zimene limatolera kwa eni ndege ndi kwa apaulendo nthawi zambiri sizikwana n'kulisamalira komwe, koma likayezedwa ndi muyezo wachiwiri limapezeka kuti ndi chuma chimene dziko ngati Malawi silingathe kuchipezanso msanga.

Kwa munthu wokhala ku Chigumula, m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo ndi ku Mulanje, bwalo la Chileka lili kutsidya lina la mzinda, ndipo kuti akafikeko ayenera kudutsa Limbe, Chichiri, Magalasi, Chirimba mpaka pa Kameza. Ambiri mwa ogulitsa mu msika wa Chigumula sadakwerepo ndege, ndipo ngakhale amene amakaoda katundu ku Joni amadalira basi yodzera pa chipata cha Mwanza. N'chifukwa chake sizodabwitsa kumva anthu akunena kuti nkhani za ndege n'za mabwana. Maganizo amenewa ali ndi pogwira, pakuti mtengo wa tikiti ndi woposa zimene banja wamba limapeza pa mwezi, koma amaphonya mfundo yakuti bwalo la ndege limatumikiranso anthu amene sadzapondapo phazi.

Bwaloli, lomwe boma lidalipatsa dzina la mtsogoleri wakale Bakili Muluzi ngakhale pakamwa pa anthu likadali la Chileka, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa Blantyre, ndipo mbiri ya dziko lino yadutsapo kangapo. Apa ndi pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa 6 July 1958 pobwerera kwawo atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pomwepanso ndi pomwe atsamunda adamukwezera ndege yopita naye ku ndende ya Gwelo, yomwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe, atamugwira pa 3 March 1959. Amuna ambirimbiri opita ku migodi ya ku South Africa kudzera m'bungwe la Wenela ankanyamukira pomwepa, mpaka ngozi ya pa 4 April 1974, pamene ndege yobwera nawo kumudzi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, zomwe zidachititsa boma kuimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodiko. Kampani ya Air Malawi, yomwe idayamba mu 1964 n'kutha mu 2013, idali ndi likulu lake ku Blantyre, ndipo Chileka ndiye adali khomo lalikulu lolowera m'dziko muno kufikira bwalo la Kamuzu ku Lilongwe litatsegulidwa mu 1983. Kuyambira pamenepo Chileka adatsika n'kukhala bwalo lachiwiri, ndipo chisamaliro chake chidatsikira limodzi ndi ulemu wakewo.

Mtengo wobwezeretsa bwalo lotere uli ndi zigawo zingapo zosalingana kukula kwake. Nyumba yofikira apaulendo, yomwe anthu amaiona msanga n'kumaiyesa bwalo lenileni, si yotchipa ayi, pakuti kukulitsa ndi kukonza ya pa bwalo la Kamuzu, ntchito yomwe idatha mu 2019, kudatheka ndi thandizo la dziko la Japan loposa mayeni 3 biliyoni. Msewu wothamangapo ndege nawonso suli ngati msewu wa galimoto, chifukwa pansi pake pamayalidwa miyala ndi dothi lotsenderedwa mozama kuti upirire kulemera kwa ndege ikamatera mwaliwiro, uyenera kukhala wowongoka ndi wosalala, komanso uyenera kuloza kumene mphepo ya dera limenelo imakonda kuchokera. Waukulu wa ku Chileka ndi wotalika makilomita pafupifupi 2.3, pamene wa ku Lilongwe ndi woposa makilomita 3, ndipo kusiyana kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndege zazikulu zoyenda maulendo ataliatali zimakondera Lilongwe. Pamwamba pa izi pali nyali za m'mbali mwa msewuwo, mawailesi olankhulirana ndi oyendetsa ndege, zida zoyezera nyengo, mosungira mafuta ndi galimoto zozimitsa moto, ndipo pafupifupi zonsezi, kuphatikizapo phula lomwe, zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zinthu zimenezi m'ndalama ya dziko lino udakwera tsiku lomwelo, popanda njerwa ngakhale imodzi yowonjezedwa pa bwalopo.

Chigawo chovuta koposa ndi malo. Bwalo la ndege limafuna malo aakulu athyathyathya, opanda phiri kapena nyumba zazitali kumene ndege zimatsikira ndi kukwerera, komanso oyandikana ndi anthu amene likuwatumikira. Mzinda wa Blantyre wazunguliridwa ndi mapiri a Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza kuti muli anthu pafupifupi 800,000, osawerengera a m'midzi yozungulira. Aliyense amene waona mmene minda ya ku Chigumula, Machinjiri ndi Mpemba yasandukira maploti m'zaka zochepa zapitazi akhoza kumvetsa kuti kupeza malo ena ofanana ndi a Chileka kungafune kusamutsa mabanja ochuluka, kulipira chipukuta misozi cha nyumba, minda ndi mitengo, komanso kukambirana ndi mafumu za manda a makolo, nkhani imene ndalama pazokha siziithetsa. Ku Zambia, bwalo latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe, lomwe lidamangidwa pa malo atsopano kunja kwa Ndola n'kutsegulidwa mu 2021, lidadya madola a ku America pafupifupi 397 miliyoni, ndipo ndalamazo zidali za ngongole. Chiwerengero chimenechi ndi chimene chiyenera kukhala m'maganizo a aliyense amene amalankhula mopepuka za kusiya bwalo lakale n'kumanga lina.

Zimene zidachitika mu January 2019 zikuonetsa mmene chuma chachikulu chotere chingaimire chifukwa cha zinthu zazing'ono. Kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, bungwe loyang'anira za ndege m'dziko la South Africa litapeza kuti mpanda wa bwalo la Chileka udali wosakwanira komanso kuti galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizidali zodalirika. Malamulo a dziko lonse lapansi a kayendedwe ka ndege, omwe amakhazikitsidwa ndi bungwe la ICAO, amafuna kuti bwalo likhale ndi mphamvu zozimitsira moto zolingana ndi kukula kwa ndege zimene likulandira, ndiponso kuti anthu ndi ziweto asamadutse pomwe ndege zikuthamanga. M'chaka chomwecho msewu waukulu wa bwaloli udatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe, ndipo apaulendo ambiri adakakamizika kudzera ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300 pa msewu. Mpanda ndi galimoto yozimitsa moto ndi kadontho chabe poyerekeza ndi mtengo wa bwalo lonse, komabe kusowa kwake kudakhudza mahotela, oyendetsa matakisi, amalonda, ngakhalenso madokotala ndi ofufuza amene amabwera kudzagwira ntchito ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Phindu la bwalo la ndege kwa anthu wamba limaonekera poyera pa nthawi ya tsoka. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kumwera mu March 2023, matope otsika m'phiri la Soche adakwirira nyumba ku Chilobwe, milatho idakokoloka m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anthu oposa 600 adatsimikizika kuti amwalira pamene mazana ena sadapezeke. Madera monga Nkhulambe ku Phalombe ndi Makhanga ku Nsanje adadukiridwa misewu, mwakuti chakudya ndi mankhwala zinkafikako pa helikopita kapena pa bwato, ndipo maiko oyandikana nawo, Tanzania ndi Zambia, adatumiza ndege zawo kudzathandiza. Helikopita ikhoza kutera pa bwalo la mpira, koma imafuna pomwera mafuta, pokonzedwera ndi polandirira katundu wochokera kunja, ndipo m'chigawo chonse cha kumwera Chileka ndilo bwalo lokhalo lokhala ndi zonsezi pamodzi lotsegukira ndege za maiko ena. Palibe buku la ndalama la bwaloli limene limalemba miyoyo yopulumutsidwa m'masabata amenewo ngati phindu.

Mabwalo ochepa kuposa Chileka ali ndi ntchito zawonso. La pa chilumba cha Likoma limapereka njira yachangu kwa anthu amene akanangodalira sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja kuyambira 1951, ndipo la ku Club Makokola ku Mangochi ndi la ku Chelinda pa Nyika amafikitsa alendo okaona malo. La ku Kasungu, lomwe ambiri ankaliona ngati thengo chabe, lidasankhidwa mu 2017 ndi boma pamodzi ndi UNICEF kukhala malo oyeserapo madironi, tindege topanda woyendetsa mkati, tonyamula mankhwala ndi kujambula madera osefukira madzi, ntchito imene omanga bwalolo sakanailota n'komwe. La ku Mzuzu, lomwe lili m'kati mwa mzinda ndipo lazunguliridwa ndi nyumba, ndilo linkayembekezera ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 pa 10 June 2024, koma ndegeyo idakumana ndi nyengo yoipa isadafike ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Tsoka limeneli lidakumbutsa mtundu wonse kuti bwalo laling'ono limafunika zida zoyezera nyengo ndi zolumikizirana zodalirika monga mmene lalikulu limafunira.

Izi sizikutanthauza kuti boma lililonse lifunika bwalo latsopano lapamwamba. Ku Nacala m'dziko la Mozambique, bwalo lamakono lomwe lidatsegulidwa mu December 2014 pa ndalama za ngongole lakhala likulandira apaulendo ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, pamene ngongoleyo idatsalira nzika zonse. Kukwera kwa mtengo wobwezeretsa ndi chifukwa chosamalira mabwalo amene alipo kale, osati chilolezo chomangira ena pofuna kutchuka pa ndale.

Choncho ntchito imene ili patsogolo ndi yodziwika ndipo ndi yotheka. Bungwe loyang'anira za ndege, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2017, pamodzi ndi unduna wa za mtengatenga, akuyenera kuonetsetsa kuti bwalo lililonse la boma lili ndi malire oyezedwa ndi olembedwa mwalamulo, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo aike m'ndondomeko ya chuma ya chaka ndi chaka ndalama za mipanda, nyali, udzu ndi galimoto zozimitsa moto, m'malo modikira kuti kampani yakunja iyambe yaimitsa ndege zake. Makhonsolo ndi mafumu asalole kuti maploti agawidwe kumene ndege zimatsikira, ndipo anthu oyandikana ndi mabwalowa akane kugula waya ndi zitsulo zobedwa pa mipanda yake, pakuti malo a bwalo la ndege akangomangidwapo nyumba sabwereranso.