Madzi akaphwa, ahedi amayambira pati?

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osalekeza, boma lidaimitsa maphunziro m'maboma khumi a m'chigawo chakumwera. Ku Chikwawa ndi Nsanje sukulu zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. M'zipinda momwe mumamveka ana akutchula a, e, i, o, u mudadzaza mikeka, mapoto ndi timitolo ta zovala.

Sikadali koyamba. Mu Januwale 2015 madzi a Ruo ndi Shire adazinga Makhanga mpaka anthu ankafikako pa boti kapena pa helikopita basi. Mu Malichi 2019 madzi adabweranso, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga ngakhale malo opangira magetsi a Kapichira, namondwe wa Gombe n'kudzatsatira patangotha milungu yochepa. Mwana wa kuchigwa amene adalowa Sitandade 1 mu Seputembala 2014, ngati sadabwerezeko kalasi, adalemba mayeso a Sitandade 8 mu 2022 atakumana ndi mavuto onsewa, kuwonjezera pa miyezi imene sukulu zidatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19.

Madzi akaphwa, a mabungwe amapasula matenti n'kukwera chitunda cha Thabwa kubwerera ku Blantyre. Amene amatsala ndi matope, mabuku onyowa ndi kaundula wa ana osaoneka ndi mphunzitsi wamkulu. Kodi iyeyu ali ndi chiyani m'manja choti sukulu yake isamangobwerera pomwe idali, koma izisuntha chaka ndi chaka?

Pa pepala zida zilipo. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo nkhawa idachoka pa kulowetsa ana m'kalasi n'kupita pa zomwe akuphunziramo. Mu 2015 unduna wa zamaphunziro udatulutsa miyezo 26 yotchedwa National Education Standards. Miyezoyi imayang'ana zomwe ana akupindula, kaphunzitsidwe, utsogoleri komanso kayendetsedwe ka sukulu. Oyendera sukulu amaigwiritsa ntchito, koma cholinga chake china n'chakuti sukulu izidziyeza yokha, osadikira galimoto ya kulikulu.

Palinso ndondomeko ya Primary School Improvement Programme. Chaka chilichonse ahedi, aphunzitsi, komiti ya sukulu, a PTA, amayi a Mother Group, mafumu ndi ana omwe amayenera kukhala pansi n'kulemba pulani yotukulira sukulu yawo, yomwe ambiri amangoti SIP. Boma limaika ndalama zoyendetsera pulaniyi, zotchedwa SIG, mu akaunti ya sukuluyo kubanki. Malangizo ake amati pa K100 iliyonse, K50 ipite ku zokweza maphunziro m'kalasi, K40 ku zothandiza kuti ana onse afike ndi kukhalabe pa sukulu, ndipo K10 ku kayendetsedwe. Chikwawa idalinso m'gulu la maboma asanu ndi atatu a pulojekiti ya MESIP, yomwe idayamba mu 2016 ndi thandizo la Global Partnership for Education kudzera ku World Bank, ndipo mwa zina idaphunzitsa ahedi ndi achiwiri awo za utsogoleri.

Mtima wa ndondomeko zonsezi ndi umodzi: ona vuto, konza njira, iyese, bwerera ukaone ngati yathandiza, kenako yambanso. Makampani a ku Japan monga Toyota adatchuka ndi kachitidwe kotere, komwe amakatcha kaizen, atamva uphungu wa akatswiri onga W. Edwards Deming m'zaka za m'ma 1950. Koma mlimi wa kudimba ku Ndindi kapena ku Elephant Marsh sangazizwe nazo. Iye amatsata chinyezi pamene madzi akubwerera, amadzala kachigawo, amaona mmera, n'kusuntha. Akuluakulu adanena kale kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Kudumphako kumayambira mu kaundula. Mhedi amene amatsegula marejisita Lachisanu lililonse amadziwa kuti ana amachepa liti: tsiku la msika ku Ngabu kapena ku Bangula, nyengo yotola thonje, nthawi yoingitsa mbalame m'minda ya mapira, kapena makolo akasamukira kumadimba. Kujomba kulikonse kuli ndi mankhwala ake. Kwina n'kukambirana ndi anyakwawa, kwina n'kutuma amayi a Mother Group kukaona mtsikana amene wasowa sabata yathunthu, ukwati usanamangidwe. Malamulo ali kumbali yawo, pakuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu. Kumene kuli phala, monga sukulu zomwe WFP imathandiza m'maboma awiriwa, kuonetsetsa kuti laphikidwa m'mawa belu lisanalire ndi gawo la utsogoleri womwewo.

Chachiwiri ndi m'kalasi. Ahedi ambiri nthawi yawo imathera kusaina masikimu, kudzaza mafomu a ku ofesi ya zoni (TDC) ndi kuweruza milandu. Komabe siginecha pa lesoni pulani sinena ngati mwana wa Sitandade 2 akutha kuwerenga. Chimene chimanena ndi kulowa m'kalasi, kukhala kumbuyo, kenako n'kuitana ana khumi kuti awerenge ndime yaifupi. Kuchigwa nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ana ambiri, makamaka ku Nsanje, amayamba sukulu akulankhula Chisena, pomwe mabuku a National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016, ali m'Chichewa ndi Chingerezi. Mtsogoleri wanzeru amaika mphunzitsi waluso, wodziwa chilankhulo cha ana, ku makalasi oyambirira, m'malo mounjika akatswiri onse ku Sitandade 8 pofuna kutchuka ndi zotsatira za MANEB. Mmera mpoyamba.

Chachitatu ndi nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu ndi Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo kalasi ya malata ikamakwana 11 koloko imakhala ng'anjo. Kuika masamu ndi kuwerenga m'mapiriyodi oyambirira, kusunga madzi akumwa pafupi ndi kudzala mitengo ya mthunzi sizifuna ndalama zambiri. Chimodzimodzi madzi osefukira. Sukulu ya m'mbali mwa Mwanza, Ruo kapena Thangadzi imene SIP yake sinena komwe mabuku adzasungidwe mvula ikakula, zipinda zomwe zidzaperekedwe kwa othawa madzi ndi momwe ana adzabwezere masiku otayika, ndiye kuti pulaniyo idalembedwera dera lina.

Zopinga nazo n'zodziwika. Ndalama za SIG n'zochepa poyerekeza ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo kawirikawiri zimafika mochedwa. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma makalasi a Sitandade 1 ndi 2 m'sukulu zambiri amapitirira pamenepo kutalitali. Aphunzitsi amakana kukhala kumadera ovuta kufikako monga kwa Nyachikadza kapena mkati mwa Chapananga pomwe kulibe nyumba zabwino. A PEA, omwe ndi alangizi a sukulu za m'zoni, sangayendere sukulu popanda mafuta a njinga yamoto. Palinso matenda ena a m'nyumba momwemo: kukopera pulani ya chaka chatha, kusintha deti lokha, n'kuitana komiti kudzangosaina. Izi zikachitika makolo amataya chikhulupiriro, ndipo tsiku loumba njerwa sabwera.

Mankhwala a matenda otsirizawa ali m'manja mwa ahedi. Kumata pakhoma ndalama zomwe zalowa ndi momwe zagwirira ntchito, kusankha mavuto awiri kapena atatu okha pa teremu m'malo mwa makumi awiri, ndi kuuza makolo pa msonkhano wotsekera kuti zomwe tidalonjeza zafika apa, zomwe zakanika ndi izi, n'zimene zimasandutsa pulani kukhala ntchito.

Boma ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje atumize SIG teremu yoyamba isanathe, amange nyumba za aphunzitsi kumadera akutali, ndipo asapatse munthu uhedi popanda kumuphunzitsa utsogoleri. Inunso makolo, msonkhano wa SIP ukaitanidwa chaka chino, pitani mukafunse funso limodzi: mwa ana athu a Sitandade 2, ndi angati akutha kuwerenga, nanga teremu yatha adali angati?