Osewera akale ndi chuma cha matimu a ku Chipata

Matimu a mpira a ku Chipata, Katete ndi Petauke alibe makampani akuluakulu owathandiza monga alili Zesco United kapena Power Dynamos. N'chifukwa chake sayenera kufulumira kutaya wosewera akangopitirira zaka 30. Munthu wotero salira ndalama zambiri. Kawirikawiri ali ndi munda kapena kageni kake, ndipo sathawira ku Lusaka ligi ili mkati. Mnyamata akavulala kapena akaletsedwa kusewera chifukwa cha makadi, wamkuluyu amalowa mosanjenjemera. Mwachitsanzo, mu 2004, katswiri wa mpira Kalusha Bwalya, ali ndi zaka 41, ananyamuka pabenchi n'kumwetsa chigoli chimene chinagonjetsa Liberia.

Ena amati akuluakulu amatsekereza achinyamata. Dandauloli n'lomveka ngati kochi akuwayambitsa masewero onse. Koma timu imangofunika awiri kapena atatu, oti azilowa mphindi 20 zomaliza pa David Kaunda Stadium, pamene miyendo ya anyamata yalema ndipo mitima yayamba kupsa. Liwiro lawo linachepa, n'zoona, koma amadziwa poima, ndipo mnyamata wosewera pambali pawo amatola nzeruyo masewero ali mkati.