BRIDGE: MASEWERA A MAKADI OYAMBA NDI LONJEZO

Kumidzi munthu akaoneka ndi makadi m'thumba akulu amayamba kum'kayikira, pakuti makadi ndi njuga zimayendera limodzi, ndipo alipo mabanja amene ndalama zao za thonje ndi fodya zinathera pamphasa usiku umodzi. Koma makadi omwewo ali ndi masewera ena ochedwa bridge, amene munthu sangapite nao patali ngati adalira mwai wokha.

Masewerawa anafika kuno ndi Azungu m'nthawi ya atsamunda, ndipo anali kucitika m'makalabu ndi m'nyumba zao. M'Lusaka, mzinda umene unakhala likulu mu 1935, nyumba zotere zinali ca ku Woodlands ndi Kabulonga, pamene anthu akuda a ku Kabwata anali ndi nsolo wao. Motero ambiri anakula akuganiza kuti bridge ndi cinsinsi ca kumayadi. Si cinsinsi ai. Munthu wodziwa kuwerengera miyala ya nsolo asanatole ali nayo kale nzeru yofunika.

Malamulo amene atsatidwa lero anakonzedwa mu 1925 ndi Harold Vanderbilt wa ku America, ali pa ulendo wa pa sitima ya pamadzi yochedwa Finland. Osewera amakhala anai, awiri mbali imodzi, ndipo munthu amakhala moyang'anana ndi mnzake. Makadi onse 52 amagawidwa, yense 13. Pa ulendo uliwonse yense amaponya khadi limodzi, ndipo woponya lalikulu amadya mulu wa makadi anaiwo. Miyulu yonse ndi 13. Woponya ayenera kutsata mtundu umene wayambidwa, kaya sipedi, mtima, daimondi kapena kalabu. Akausowa, ndi pamene angaponye khadi la mtundu umene wasankhidwa kukhala wolamula, ndipo ngakhale kakhadi kakang'ono ka mtunduwo kamadya esi wa mtundu wina.

Koma khadi lisanagwe ndi limodzi lomwe, pamakhala kupikisana malonjezo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Yense pa nthawi yake amanena miyulu imene iye ndi mnzake adzadya ndi mtundu umene afuna kuti ulamule, kapena amangoti wapita. Miyulu 6 yoyamba siwerengedwa, cotero wonena kuti "sipedi mmodzi" walonjeza miyulu 7, ndipo wonena "masipedi anai" walonjeza 10. Lonjezo lililonse liyenera kuposa lapitalo. Lotsiriza ndilo pangano.

Bvuto ndi lakuti munthu alonjeza m'malo mwa anthu awiri, koma aona makadi ake okha. Kuti adziwe mphamvu ya dzanja lake amawerenga motere: esi 4, kingi 3, kwini 2, jeki 1. Mphamvu zonse pathebulo ndi 40. Wokhala ndi 12 kapena 13 ndiye woyenera kutsegula pakamwa poyamba. Mnzake akakhala ndi 6 kapena kuposerapo amayankha. Zikacepa amakhala cete, ndipo kukhala ceteko nakonso ndi uthenga. Awiriwo akaona kuti pamodzi afika pa 25 kapena 26, ndiponso ali ndi makadi 8 a sipedi kapena a mtima, ayenera kulimba mtima ndi kulonjeza miyulu 10. Kuti alonjeze 12 afunika mphamvu ngati 33.

Kodi bwanji osangolonjeza pang'ono kuti asagwe m'manyazi? Vanderbilt anatseka njira imeneyi. Pa mipikisano ya masiku ano, awiri amene alonjeza masipedi awiri koma nadya miyulu 10 amalandira mapointi 170. Akadalonjeza masipedi anai, miyulu yomweyo ikadawapatsa 420, kapena 620 pa magawo ena a masewera. Wamantha amataya zimene zinali kale m'manja mwake. Wadyera naye ali ndi cilango cake: mulu uliwonse woperewera pa pangano umapatsa adani mapointi 50 kapena 100, ndipo mdani woona kuti lonjezo lakula kuposa mwini wake angathe kunena kuti "double", cilango nkukwera kwambiri. Ncimodzimodzi mlimi wotenga ngongole ya feteleza: akatenga wocepa munda sum'patsa zonse, akatenga woposa munda wake ngongole im'tsalira pakhosi.

Pangano likamangidwa, mdani wa kumanzere kwa mwini pangano amaponya khadi loyamba. Pamenepo mnzake wa mwini pangano amayala makadi ake onse poyera nakhala duu, osanena kanthu, ndipo mwini pangano amasewera manja awiri yekha. Akatswiri amati masewera ambiri amatayika pa mulu woyamba, cifukwa ca kufulumira. Wodziwa amayamba waima, nawerenga miyulu imene ili yake ndithu, naona imene iperewera ndi kumene ingacokere.

Nayi njira imodzi yodziwika. Pa makadi oyalidwa aja pali esi ndi kwini wa mtima, koma kingi ali kwa adani. Mwini pangano amaponya kamtima kakang'ono kucokera m'dzanja lake. Ngati kingi ali ndi mdani wa kumanzere, amene aponya makadi oyalidwa asanafikidwe, mdaniyo wagwidwa pakati: akam'tulutsa kingiyo, esi am'dya, akam'bisa, kwini apita ndi mulu. Koma ngati kingi ali kumanja, kwini watayika. Poyang'ana msanga, mwai uli theka ndi theka.

Wosewera wabwino saimira pa theka. Amakumbukira zimene zinanenedwa polonjeza. Tinene kuti iye ndi mnzake ali ndi mphamvu 26. Ndiye kuti adani atsala ndi 14. Ngati mmodzi wa iwo ndiye anatsegula malonjezo, ali ndi zosacepera 12, ndipo winayo sangapose 2. Kingi ndi 3. Tsono kingi ali kuti? Wapezeka popanda kusuzumira. Mau amene munthu ananena pouza mnzake afika ndi kwa mdani yemwe, ndipo ici ndico cifukwa cake nthawi zina wokhala ndi dzanja lokayikitsa amacita bwino kungopita.

Kunena zoona, alipo amene amasewera bridge pa ndalama. Koma pa mipikisano makadi agawidwa kamodzi, nasungidwa monga momwe analili, ndipo amaseweredwa pa mathebulo ambiri. Awiri amayesedwa ndi ena amene anagwira makadi omwewo. Palibe anganene kuti anagonja cifukwa ca dzanja loipa.

Lamulo lalikulu koposa ndi lakuti awiri asauzane kanthu mobisa. Tanthauzo la lonjezo lililonse liyenera kudziwika kwa adani, ndipo akafunsa ayenera kuuzidwa. Kutsokomola, kutsinzina kapena kukweza mau mwadala ndi kuba. Ngakhale akatswiri anagwapo m'mlandu umenewu. Mu 1965 ku Buenos Aires, Angelezi awiri, Terence Reese ndi Boris Schapiro, ananenezedwa kuti anali kuuzana ciwerengero ca mitima yao mwa kagwiridwe ka zala pa makadi. Bungwe la bridge la dziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1958, linawapeza olakwa, koma kafukufuku wa kwao ku Britain anawamasula, ndipo anthu atsutsanabe za mlanduwo. Mu 1975 ku Bermuda, pa mpikisano woyamba wa dziko lonse woika cochinga pakati pa thebulo kuti awiri asaonane nkhope, osewera awiri a ku Italy anaonedwa akugundana mapazi pansi. Akulu a mpikisano anaika matabwa pansi pa mathebulo. Lero pa mipikisano yaikulu cochinga cimafika pansi peni-peni, ndipo malonjezo sanenedwanso pakamwa: yense amatulutsa kapepala kolembedwa kale nakaika pa kathabwa kamene kamakankhidwa kunsi kwa cochingaco.