Mimbulu Yoposa Yonse

Makilogalamu 79! Uyo ndiye mmbulu wa ku Alaska umene unaphedwa mu 1939, umodzi mwa yolemera kwambiri imene inakwerapo pa sikelo. Thumba lodzaza la chimanga, kuwonjezapo theka la lina, n'kutsalabe pang'ono. Mlimi wa ku Sinda atati aunyamule pa njinga, tayala lingaphwe.

Wa ku chipululu cha Arabia ndi mtundu womwewo, koma ndi kachinthu ka makilogalamu 20 basi. Anayi otere ndiwo angafanane ndi wa ku Alaska uja. Kozizira thupi limakula kuti lisunge kutentha, kotentha limachepa.

Wosowa koposa mu Africa ndi wa ku Ethiopia. Yatsala pafupifupi 500 yokha, yosakwana kudzaza ngodya imodzi ya bwalo la Mkaika tsiku la Kulamba. Imakhala pamwamba pa mapiri opitirira mamita 3,000, msinkhu wa Sapitwa ku Mulanje.

Nanga mmbulu wa ku Luangwa? Uwu ndiye unasokoneza akatswiri. Mu 1820 Coenraad Temminck anauyesa fisi. Si fisi ayi. Si mbale wapafupi wa mmbulu wa ku Ulaya, ndiponso si galu wa pamudzi wolowerera kuthengo. Uli ndi mtundu wakewake, Lycaon pictus. Zala zinayi zokha kumwendo wakutsogolo, pamene galu ali nazo zisanu. Makutu aakulu obulungira. Mawanga akuda, oyera ndi achikasu, ndipo palibe iwiri yofanana mawanga. Yaimuna yakum'mwera kwa Africa imatha kuposa makilogalamu 30, yakum'mawa kwa Africa imachepera pa 20 mpaka 25.

Kubereka ndiye kulibe mnzake pa mitundu yonse ya agalu. Ana khumi pa bere limodzi ndi zachizolowezi. Nthawi zina 16! Liwiro lake limafika makilomita 60 pa ola, ngati njinga yamoto pa tala wa Great East Road, ndipo sutopa msanga. Nswala imathawa mpaka mpweya kutha.

Koma ulendo! Mu 2021 mimbulu itatu yaikazi ya bere limodzi inasiya gulu lake ku Luangwa kukafuna amuna. Umodzi unali ndi lamba wa GPS m'khosi wochokera ku Zambian Carnivore Programme. Miyezi isanu ndi inayi ili paulendo. Makilomita opitirira 2,000, kudutsa misewu, minda ndi misampha, mpaka kuponda dziko la Mozambique. Kuchoka ku Katete kupita ku Lusaka, kubwerera, kupitanso, kubwereranso. Wapansi. Palibe mmbulu wa mtunduwu umene unalembedwapo kuti unayenda chotere.

Mu Africa yense yatsala pafupifupi 6,600. Chigwa cha Luangwa chokha chinawerengedwa kuti chili ndi yaikulu pafupifupi 350 mu 2019.

Kamng'ono pa onse amene amamveka usiku m'minda ya ku Vubwi ndi nkhandwe. Yaikulu kwambiri makilogalamu 14, yosafika ngakhale chigoba chimodzi cha chimanga.