Kalamba Kopimira Njala pa Mkono wa Mwana

Mai wa ku Dambwa North mu Livingstone akapita ndi mwana ku sikelo, anamwino amazunguliza kalamba pa mkono wa mwanayo, pakati pa phewa ndi cigongono. Mkono ukacepera masentimita 11.5, kalambako kamaonetsa pofiira, kutanthauza kuti mwana wanyenchera koopsa. Kalamba komweko ndiko amapimira njala m'maiko a nkhondo.

Koma kuti akatswiri alengeze kuti m'dera mwagwa njala yakupha, pafunika maumboni atatu: banja limodzi mwa asanu alionse lisowe cakudya kotheratu, ana 30 mwa 100 akhale onyenchera, ndipo anthu awiri mwa 10,000 azifa tsiku lililonse. Muyeso umenewu unayambira ku Somalia mu 2004.

Bvuto ndi lakuti, ndani akawerenge? Cilala ca 2024 citapsereza cimanga ku Southern Province, anchito a Boma anayenda m'midzi mosaopa mfuti, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za tsokalo pa 29 February. Ku Sudan, kumene nkhondo inabuka mu April 2023, njira zinatsekedwa ndi asilikali. Madokotala a Médecins Sans Frontières ananena mu February 2024 kuti mu msasa wa Zamzam, ku Darfur, mwana mmodzi anali kufa pa maola awiri alionse. Akatswiriwo, podikira maumboni okwanira, anatsimikiza za njalayo mu August, manda atacuruka kale. Mu December boma la Sudan linaleka kugwirizana nao.